Bambo Amene Anatumidwa Kudzatizonda

Chaka chimene mawailesi ankangokamba za mkangano wa malire a panyanja, ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Chilumba. Anthu ankanong'ona za nkhondo pamsika, m'minibasi, ngakhale pamaliro. Mayi anga kwawo ndi kutsidya ku Tanzania, choncho mawuwo ankandilasa.

Lamlungu masana tinkakumana anthu asanu ndi atatu m'kalasi mwanga. Anatiyambitsa ndi mayi wina, namwino wopuma pantchito, amene ali kunja kwa dziko lino anapempherako ndi mpingo wina wokana nkhondo. Mapemphero ake anali ongokhala chete kwa ola lathunthu. Kenako tinalembera kalata atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kuwapempha kuti aziziritse mitima ya anthu.

Patangotha sabata ziwiri, bambo wina wachilendo anayamba kubwera, n'kumakhala kumbuyo ndi kabuku m'thumba. Mwini sitolo wina wa pamsika pathu, wochokera ku Mangochi, anandiitanira pambali nditapita kukagula sopo.

"Aphunzitsi, bambo uja akufunsafunsa za inu. Si wamalonda ayi. Chenjerani."

Ndinachita mantha, ndipo ndinafuna kuti tileke kukumana. Anamwino anakana. Lamlungu lotsatira anapita pomwe bamboyo anakhala n'kumupatsa moni.

"Monire adada. Tikudziwa kuti mwatumidwa ndi boma. Bwerani kutsogolo kuno, kumbuyoko simumva bwino."

Anamupatsanso kalata yathu ija kuti asavutike kuisaka. Bamboyo anasowa poyang'ana, koma anasendera. Anabwera miyezi iwiri osaphonya.

Tsiku lina ndinaitanidwa ku ofesi ina ku boma la Karonga. Bwana wake anali ndi faelo yolembedwa dzina langa. M'menemo munali tsiku limene ndinapita kukaona amalume kutsidya, ngakhale mtundu wa njinga yanga. Wotizonda uja anaima pafupi ndi khomo.

"Anthu akuluakulu kukhala duu ola lonse," anatero bwanayo. "Mukubisa chiyani? Akukutumani ndani?"

Amene anayankha ndi bambo uja.

"Bwana, ndakhala nawo kasanu ndi katatu. Amapemphera, amamwa tiyi, amabalalika. Kalata yawo anachita kundipatsa okha. Ndikalemba zina ndiye kuti ndanama."

Bwanayo anamuyang'ana, kenako anatseka faelo n'kundiuza kuti ndizipita. Ndinakwera minibasi yobwerera. Ndili m'njira ndi pamene ndinazindikira kuti chiganizo chimodzi chabodza chikanandichotsa ntchito, ndipo iye mwina akanayamikiridwa nacho.

Bambo uja sanabwerenso ku mapemphero athu. Tinakumana patapita zaka, ku Hara, nthawi yokolola mpunga. Anali atayamba imvi, atasiya ntchito ija. Ndinamugwira dzanja ndi manja onse awiri pomuthokoza.

"Yewo chomene, adada. Tsiku lija munandipulumutsa."

"Ndinangonena zimene ndinaona," anatero. Kenako anawonjeza kuti, "Mng'ono wanga anali msilikali nthawi imeneyo. Inu mukamapempherera mtendere, ine ndinkaganiza za iyeyo."

Anafunsa za anamwino. Nditamuuza kuti tinawaika m'manda chaka chathachi, anavula chipewa. Kenako anandithandiza kumanga thumba la mpunga panjinga, n'kundichenjeza kuti tayala lakumbuyo likufunika mpweya.