Telala Wodula Mapiritsi

A Chidutswa ankasoka pakhonde la sitolo ya nsapato, ndipo dzinalo anawapatsa ndi makasitomala chifukwa sankataya kanthu. Kansalu kotsala, batani lothyoka, ulusi wotalika ngati chala, chilichonse chinali ndi chitini chake. Akamasoka thalauza ankasiya nsalu yambiri mkati mwa msoko, ati mwini wake adzanenepa tsiku lina.

Atayamba kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, okodzetsa pafupipafupi aja, miyendo inayamba kuwakana. Akapalasa makina pang'ono, akatumba ankakokana, mtima n'kumagunda modumphadumpha. Anachita mantha, poti telala miyendo ikafooka ndiye kuti ntchito yamuthera. Kuchipatala anawayeza magazi n'kuwauza kuti mchere wina wa m'thupi, wotchedwa potaziyamu, ukutayikira mumkodzo. Anawapatsa mapiritsi akuluakulu obwezeretsa mcherewo, lina m'mawa lina madzulo, omeza athunthu, osatafuna kapena kuswa.

Koma munthu wazaka zimenezo sasinthika ndi kapepala ka kuchipatala. A Chidutswa analiyang'ana piritsilo, anaona kuti lakula mopitirira muyezo, nalidula pakati ndi sizasi yawo yaikulu. Theka ankamwa, theka ankasunga m'chitini cha mabatani. Ngakhale akazi awo sanadziwe.

Patatha milungu itatu anabwerera kuchipatala akukoka miyendo. Dokotala, mayi wosayankhulayankhula, anayang'ana zotsatira za magazi kwa nthawi yaitali. Anawafunsa ngati akumwa mankhwala tsiku lililonse, iwo anavomera, ndipo kunena zoona silinali bodza lenileni. Dokotalayo anati ndiye kuti mlingo umene anawalembera unachepa, awonjezera, koma azibwera kudzayezetsa pafupipafupi chifukwa mcherewu ukachuluka umatha kuimitsa mtima. Kenako anapepesa kuti wawavutitsa milungu yonseyi.

Kupepesako n'kumene kunawalasa mumtima a Chidutswa. Kwa zaka makumi atatu anthu akhala akuwabwezera zovala, ati telala sadziwa kuyeza, chonsecho eni akewo anakapatsa wina kuti afupikitse. Ululu wake ankaudziwa bwino. Cholembera cha dokotala chitangogunda pepala, a Chidutswa anakweza dzanja, manyazi atawagwira.

"Musalembe, adokotala," anatero chapansipansi. "Inu munayeza bwino. Analakwitsa ndi wodula, ndipo wodulayo ndine."