Mng'alu wa pa Mlatho wa Amalume

Kulemba lipoti ndinakuphunzira pansi pa mlatho, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndinakondwa nako kuphunzirako. Zaka za m'ma 1950 zinali zikungoyamba. Ndinali nditatha zaka ziwiri pa sukulu yophunzitsa za misewu ndi milatho kutawuni, ndipo chilimwe chotsatira anatimwaza m'maboma kuti tikaione ntchito ndi maso. Ine ananditumiza kwathu ku Neno. Anzanga ankati ndachita mwayi, ndikanenepa ndi zakudya zakwathu. Ntchito yake inali yoyenda pa njinga mu msewu wochokera ku Lisungwi kukwera kumapiri, kuyang'ana kamlatho kalikonse, n'kulembera mphunzitsi wathu zimene ndaona.

Ndinkagona kwa amalume, alongo awo a mayi anga. Bambo anapita ku Joni ndili wakhanda, osabwerakonso, choncho amene anandilera ndi amalumewo. Ndi iwo amene anandiperekeza wapansi ku sukulu ya mishoni, mphasa yanga ili pamutu pawo. Analinso kapitawo wa gulu lokonza msewu womwewo. Kulemba sankadziwa, koma mwala ankaudziwa. Ankangougogoda ndi nyundo n'kukuuza ngati ungapirire kapena ayi. Pa milatho imene ndinayenera kuyendera, inayi anamanga ndi iwo.

Itatu inali bwinobwino. Wachinayi unali pa khwawa lozama, louma m'chilimwe koma lolusa m'dzinja. Nditatsikira pansi ndinapeza mng'alu pa khoma la miyala limene linanyamula mlathowo mbali ya kumapiri, woyambira pansi mpaka pafupi ndi mitanda. Madzi a dzinja lapitalo anali atakokolola dothi kunsi kwa khomalo. Ndinatola ndodo n'kulowetsa kunsiko, ndipo inalowa yonse osagunda thanthwe. Ndili chikhalire pamchengapo, lole inadutsa pamwamba panga itadzaza matumba a chimanga, pamwamba pa matumbawo patakhala amayi ndi ana. Tizibuma ta simenti tinandigwera m'mutu. Loleyo inkadutsa pamenepo kawiri pa sabata.

Madzulo ake ndinadya mbale imodzi ndi amalume, ndipo anandifunsa kuti, "Nanga ntchito yathu waiona bwanji, mphwanga?"

"Ndikuionabe, malume," ndinatero, maso ali pa ndiwo.

Muyenera kumvetsa mmene tinaleredwera. Kwathu mwana sauza wamkulu kuti walakwitsa. Amazungulira, kuyamika, kudandaula za mvula, kenako n'kuponya mawu amodzi pambali, wamkuluyo awatole yekha ulemu wake uli wonse. Ku mishoni nakonso anatiphunzitsa kalata yoyamba ndi moni wautali ndi yomaliza ndi kudzichepetsa. Choncho lipoti langa loyamba linali masamba atatu. Ndinafunsa za moyo wa mphunzitsi ndi a kunyumba kwake. Ndinayamika khama la anthu a msewu, amene ankaphwanya miyala padzuwa lonyeketsa. Ndinanena kuti makwawa a kwathu kuno ndi osamva. Kumapeto kwenikweni ndinaikako kuti bwana atapeza mpata tsiku lina, sikungakhale koipa kudzaona mlatho wachinayi. Ndinaliwerenga kawiri n'kudzitamanda. Agogo aliwonse a m'mudzi mwathu akanalimva akanadziwa kuti mlathowo ukugwa.

Mphunzitsi wathu sanali agogo a m'mudzi mwathu. Anali mkulu wowonda, wosaseka, amene anakalambira m'misewu ya dziko lino ndipo pensulo yofiira siinkachoka pakhutu lake. Patatha sabata, mesenjala anandibweretsera masamba anga atatu aja, lililonse litadulidwa ndi mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kumbuyo kwake analemba mafunso anayi okha. Waona chiyani? Pati? N'chachikulu bwanji? Lole idutse kapena isadutse?

Ndinapsa mtima tsiku lonse. Ndinkati munthu ameneyu alibe khalidwe, sanayankhe n'komwe moni wanga. Koma ndinkadziwa kuti chikundiwawa si moni. Funso lachinayilo linalibe pozungulira. Ndikanati idutse, ndiye kuti ndanama, ndipo tsiku limene khoma lidzagwe amayi aja ali pamwamba, wowakankha ndidzakhala ineyo. Ndikanati isadutse, akuluakulu akanafunsa chifukwa, ndipo chifukwa chake chinali munthu amene ankandigawira nyama yaikulu m'mbale.

Lipoti lachiwiri ndinachenjera nalo, kapena ndinkaganiza choncho. Ndinalemba za milatho yonse, uliwonse ndi miyezo yake, kutalika, kufupika, kuchuluka kwa mitanda. Mng'alu uja ndinaukwirira pakati pa tsamba lachitatu, pakati pa nkhani ya udzu womera m'ngalande ndi ya utoto wofufutika pa zipilala. Ndinanena zoona zokhazokha, koma ndinaziika pamalo poti munthu wotopa asazione. Mphunzitsiyo sanatope. Anazunguliza mzere umodzi womwewo ndi pensulo yake, n'kulemba pambali kuti chimene chingaphe munthu chimakhala pamwamba pa tsamba loyamba. Anawonjezanso kuti ndiyeze ngati mng'aluwo ukukula, ndipo anandikumbutsa njira yake.

Njirayo inali yosavuta. Ndinakanda simenti pang'ono n'kumata timizere titatu topingasa mng'aluwo, pansi, pakati ndi pamwamba, n'kukanda tsiku pambali pake ndi msomali. Pamene ndinkamata, m'mng'alumo munkalowa kamtengo ka machesi kamodzi. Ndinkapitako m'mawa uliwonse ngati munthu wokazonda wodwala, ndikupemphera kuti simentiyo ikhale yosasweka, kuti ndilembe zoti khoma linang'aluka kale ndipo linaima. Pa sabata yachiwiri kamzere kapansi kanasweka. Pa yachitatu tonse titatu tinali titasweka, ndipo timitengo ta machesi tinkalowa titatu pamodzi. Kunja kunali kutatentha kotheratu, ndipo masana mitambo inkaunjikana kumbali ya ku Midzemba n'kubalalikanso.

Ndinayesa njira yakwathu. Ndinapita kwa mayi anga, ndinawapeza akusenda chinangwa, ndipo ndinawafotokozera zonse kuti mwina iwo akalankhule ndi alongo awo. Anandimvetsera osaleka kusenda.

"Kodi iwe, amene anakutumiza kusukuluko ndani?" anandifunsa.

"Ndi amalume."

"Ndiye ukufuna ine ndikawauze kuti sukulu ija yabwera kudzawachotsa ntchito, eti? Ayi. Pakamwa panga sipatuluka zimenezo."

"Nanga mlatho ukagwa, mayi?"

"Basi, usandifunse ine. Wophunzira ndiwe."

Ndinabwerera ndili wolemedwa kuposa mmene ndinapitira. Kuthawira kutawuni sindikanatha, chifukwa lipotilo likananditsatira konko. Kukhala chete sindikanathanso. Kunyumba kwa amalume ndinayamba kudya pang'ono, ndipo azakhali, akazi awo, ankandiseka kuti ndagwa m'chikondi ndi mtsikana wa ku Zalewa. Ndinkangosekerera.

Lipoti lachitatu ndinalilemba Loweruka m'mawa nditakhala pansi pa mlatho womwewo, pepala lili pabondo. Silinakwane ndi tsamba limodzi lomwe. Mzere woyamba unati lole isadutse pa mlatho wachinayi kufikira khoma la mbali ya kumapiri litamangidwanso. Pansi pake ndinalemba pamene pali mng'alu, kutalika kwake, kukula kwake tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, ndi masiku amene timizere ta simenti tinasweka. Ndinajambula khomalo n'kulozera ndi muvi pamene madzi anakokolola. Pomaliza ndinalemba kuti maziko sanafike pa thanthwe, ndipo ndikuganiza kuti anakumbidwa kuzama ngati kufika m'chiuno mwa munthu. Munalibe moni, munalibe kupepesa. Nditaliwerenga ndinaona kuti ndi lipoti labwino, ndipo ndinadana nalo.

Chinthu chimodzi chokha ndinakana, kulitumiza mobisa. Masana amenewo ndinawapeza amalume pakhonde akukonza mpini wa nyundo. Ndinakhala pansi chapatali pang'ono, monga mwa ulemu, n'kunena kuti pali pepala loti alimve lisanapite. Tinkalemba m'Chingerezi, choncho ndinayenera kuwamasulira mzere ndi mzere. M'Chingerezi mawuwo anali ouma chabe. M'chinenero chathu, akutuluka pakamwa pa mwana amene iwo analera, ankamveka ngati chipongwe. Koma sindinafewetse liwu ndi limodzi lomwe, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangoyamba kufewetsa ndibwerera ku masamba atatu aja.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Mpeni umene ankasemera mpini unali utaima.

"Dzina langa lilimo?"

"Mulibe, malume."

"Silikufunikanso. Amene anamanga akudziwika." Kenako anati, "Werenganso paja pa maziko."

Ndinawerenganso.

"Walakwitsa pamenepo," anatero. "Sitinafike m'chiuno. Tinalekeza m'mawondo. Mvula inali itayamba, madzi ankadzaza m'dzenje tikamakumba, ndipo akuluakulu ankatifulumiza kuti msewu utsegulidwe. Ndinati timange pomwepo. Ndinanena ndine. Konza, ulembe m'mawondo."

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti zaka ziwiri zonse chimangire mlathowo, lole ikamadutsa, iwonso ankamvetsera. Ndinafufuta m'chiuno n'kulemba kuzama kwa m'mawondo m'mainchesi, iwo akuyang'ana pensulo ikuyenda pa zilembo zimene sankatha kuwerenga. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, andithamangitse pakhomo pawo. Anangotola mpeni n'kupitiriza kusema mpini.

Mlatho unatsekedwa mvula isanagwe, ndipo lole inkatsitsa anthu n'kudutsa pansi pakhwawa mpaka madzi atabwera. Khoma linagwetsedwa n'kumangidwanso ndi gulu lina lochokera kutali. Amalume anawachotsa ukapitawo. Anawauza kuti akhoza kutsala ngati wophwanya miyala wamba, koma anakana, n'kubwerera ku khasu. Mayi anga anatha chaka osandifunsa za sukulu.

Nditabwerera kutawuni, mphunzitsi uja anaimirira kutsogolo kwa kalasi n'kuwerenga lipoti langa mokweza, kuti onse amve mmene lipoti limalembedwera. Munthu wosayamika uja anayamika mzere uliwonse. Anzanga ankandigunda ndi zigongono, ine mutu uli pansi. Atafika pa kuzama kwa maziko anaima n'kuvula magalasi.

"Apa ndiye pandikondweretsa," anatero. "Khoma lili chiimire, iwe unadziwa bwanji kuzama kwake osakumba?"

"Anandiuza amene anakumba, bwana."

"Anachita kukuuza yekha?"

"Inde, bwana."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kuwerenga. Sanafunse kuti munthuyo ndi ndani kwa ine, ndipo ine sindinanene.

Ndalemba malipoti ambiri kuchokera chaka chimenecho, onse afupiafupi, choopsa chili pamwamba pa tsamba loyamba. Amalume sanandidandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikapita kumudzi ankandipherabe nkhuku n'kundigawira ntchafu. Koma tsiku lina tikupita limodzi kumaliro kutsidya kwa khwawa lija, titafika pa mlatho watsopano, iwo anapatuka n'kutsetsereka ndi kanjira ka mbuzi kukadutsa pamchenga. Azakhali anandinong'oneza kuti amatero nthawi zonse. Ndinaima pamwamba ndikuwayang'ana akukwera tsidya linalo mogwira udzu, mawondo akuwavuta. Kenako ndinabwerera m'mbuyo n'kutsetsereka kuwatsatira.