Mlatho wa aBodza

Tinanyamuka pa Sinda Lachiwiri mmawa, ine ndi atate, titagulitsa mtedza wathu wonse. Inali nthawi ya Chitaganya.

Atate ankati ali mnyamata anagwirako ntchito pa mlatho wa ku Zambezi, pamene ankawonjezerapo msewu pambali pa njanji. "Sitima apa, galimoto apa, madzi ali pansi kutali uko!" Mudzi wonse unkafa nako kuseka, poti mlatho wathu unali mitengo itatu yomwe ngakhale mbuzi zinkaikana. Anawatcha aBodza, ana anga n'kukhala adzukulu a aBodza. Inenso, ndisaname, ndinkakayika. Ng'ala itayamba kuwaphimba maso ndinati tiyeni, zikadziwike.

Basi ya ku Lusaka inatilipitsa mapaundi awiri, fumbi laulere. Pa Nyimba tinagula nthochi. Pa mlatho wa Luangwa atate anapapasa zenera nati, "Aka n'kamwana." Mayi wina wonyamula nkhuku anandinong'oneza, "Agogowa amamwa?" Manyazi anandigwira.

Lachinayi tinakwera sitima, mipando yathabwa, matako kuchita dzanzi. Mtima unali m'mwamba njira yonse. Ndikakapeza njanji yokha, ndikabwerera nawo bwanji kumudzi munthu wamkuluyu?

Pa Livingstone, Lachisanu dzuwa lili paliwombo, woyendetsa lole ya matabwa anatitenga. Atatitsitsa, mkokomo wa mathithi unatigonthetsa, zovala zinanyowa kopanda mvula. Ndinawagwira dzanja atate, tinalowa pa mlatho. Nditasuzumira pansi, mayo ine!

Atate anagwada n'kuyamba kupapasa. Chitsulo cha njanji. Anakwawa pang'ono. Msewu. Mlonda anathamangira kwa ife akukalipa, koma atamva nkhani yathu anatikokera kumbali nati, "Imani apa madala, sitima ikubwera."

Inabweradi, pang'onopang'ono, utsi uli tolotolo, mlatho ukunjenjemera kumapazi. Isanathe kudutsa, lole ija inatulukira pambali pake ikubwerera, woyendetsa akutiimbira hutala. Ndinaseka, ndinalira, ndinasekanso. Katundu amene ndinamusenza kuyambira ubwana anatsika pomwepo.

"Mwana wanga, ine ndikungomva," anatero atate. "Waona?"

"Ndaona, atate."

"Zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri."

Anapukuta manja m'malaya nati, "Basi, tiye kwathu. Ukanene ndiwe. Ine ndanena zaka makumi atatu, pakamwa patopa."

Kumudzi ndinafotokoza zonse, osasiyako kanthu. Pano aBodza tilipo awiri, koma ine dzinalo silindiwawa.