Tsitsi la Amayi

Amalume a amayi anga anathawa chibalo amayi akadali wakhanda. Asipayi, apolisi a Apwitikizi, atabwera kudzagwira amuna m'mudzi mwathu, kufupi ndi Furancungo, iwo anazemba kuseri kwa khola n'kulowera ku Nyasalandi. Sanatumizeko ngakhale kasopo. Koma kwathu ankatchulidwa ngati munthu amene wangopita kudimba, abwera madzulo.

Nkhondo itafika kwathu ku Macanga, nyumba ndi nkhokwe zathu zinatenthedwa, ng'ombe zinatengedwa. Mwamuna wanga asilikali anamusenzetsa katundu ndipo sanabwererenso. Tinatsala ine, amayi ndi mwana wanga kumsana. Tinayenda m'mapiri mpaka ku Ntengo-Wambalame, kenako ku Tsangano, n'kuoloka malire kukalowa mumsasa wa othawa nkhondo.

Amayi ankaunyansidwa msasawo. "Ine sindifera pamzere wa nandolo," ankatero. "Ndili ndi abale m'dziko muno." Sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna kuti wina awalandire monga wachibale, awapatse kamalo komanga kanyumba, ndipo tsiku lawo likadzakwana akagone pamanda a anthu awo.

Kufunsa dzina sikunathandize, chifukwa othawa chibalo ambiri ankasintha mayina. Ndiye amayi anapeza njira yawoyawo. Pamaliro a Chikhristu, mkulu wa mpingo amawerenga mbiri ya malemu, kumene anabadwira ndi amene anabadwa nawo, ndipo abale akutali amasonkhana pamenepo. Amayi anayamba kupita pamaliro alionse a munthu wokalamba m'midzi ya m'malire, kukakhala kumbuyo n'kumatchera khutu. Ankayembekeza kumva wina wochokera kwathu amene angawalozere njira.

Amayi anzawo kumsasa ankawaseka kuti akutsata nyemba za pamaliro. Inenso zinkandichititsa manyazi, ndipo ndinkawakalipira. Koma miyendo yawo inali itayamba kutupa, choncho ndinkawaperekezabe, ndikung'ung'udza njira yonse.

Tsiku lina tinali pamaliro m'mudzi womwe tinkagulitsako nkhuni. Mkulu wa mpingo anawerenga kuti malemu anabadwira ku Macanga, anabwera kuno ali mnyamata pothawa chibalo, ndipo anasiya mlongo wawo mmodzi. Anatchula dzina la mlongoyo. Linali dzina la agogo anga. Bwalo limenelo ndinkalidziwa bwino. Ndinali nditatulapo mitolo ya nkhuni kangapo, malemuwo atakhala pakhonde akuothera dzuwa, ine n'kuwapatsa moni wa mlendo.

Amayi anaimirira akulira amalume awo, n'kulunjika pamphasa pamene panakhala anamfedwa. Mayi wina anawagwira mkono n'kuwabweza.

Titabwera kumanda tinapempha kuonana ndi mwana wamkulu wa malemu, bambo wa imvi kale. Amayi anagwada n'kuyamba kulongosola mtundu, uyu anabereka uyu, uyu anakwatiwa kwakuti. Bamboyo ankamvetsera, ndipo ndinaona nkhope yake ikufewa. Kenako amayi ananena mawu amene ankawasungira zaka zonsezo.

"Ndife familiya, bambo. Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Mbumba yawo ndine."

Kwa amayi anali mawu achikondi. Koma pa mwambo wathu, za munthu zimatsata mbumba ya mlongo wake, osati ana ake, ndipo malemu anasiya minda ya mbatatesi ndi nyumba ya malata. Bamboyo anayang'ana mapazi athu ong'ambika, n'kuyang'ana ang'ono ake.

"Bambo sanatiuzepo kuti ali ndi anthu ku Chipwitikizi," anatero.

"Nanga dzina la amayi anga mwawerenga lija mwalitola kuti?"

"Mayina amafanana, mayi."

Ndinapsa mtima. Ndinafuna kumuuza kuti asunge mbatatesi zakezo, ife tinasiya minda yoti iye sangaimalize kuyenda. Amayi ananditsina ntchafu kuti ndikhale chete. Anangofunsa tsiku lometa, lija achibale onse amameta tsitsi potsiriza maliro. Anatibisira, koma tinalimva kwa anthu ena.

Tinapitako, ngakhale ndinawaletsa. Achibale anakhala pansi pa mtengo wa mango, wometa akuwazungulira ndi lumo. Amayi anavula duku n'kukakhala kumapeto kwa mzere. Wometayo anameta ana, anameta zidzukulu, anameta ngakhale akamwini. Atafika pa amayi, wometayo anayang'ana mwana wamkulu uja, n'kupukuta lumo pa buluku lake, n'kulipinda. Palibe anawathamangitsa. Anthu anangodzuka mmodzimmodzi kupita kukadya, amayi n'kutsala okha pamphasa, mutu uli pamtunda.

Pobwerera anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kumasula kalezala kakale pa mfundo ya chitenje.

"Ndimete."

"Amayi, anthu amenewa sakukufunani."

"Sindikumetera iwo. Ndimete."

Ndinawameta pouma, wopanda madzi kapena sopo, ndipo ndinawacheka malo angapo. Sanadandaule. Tsitsilo analisonkhanitsa okha n'kulikwirira ndi manja pansi pa chitsamba, poti kumene kunakwiriridwa la anzawo sitinauzidwe.

Anthu amati ndikhululuke, anali mantha chabe, othawa nkhondo tinali ochuluka ndipo malo anali ochepa. Ndikudziwa zonsezo. Koma chimene anawamana amayi tsiku lija si munda. Linali lumo, ndipo silikanawachotsera kalikonse.

Amayi anamwalira mumsasa momwemo tsitsi lisanakule loti n'kuluka. Tinawaika pamanda a othawa nkhondo, pakati pa anthu osawadziwa. Ndinatumiza uthenga kumudzi kuja, wa maliro ndi wa tsiku lometa. Tsikulo ndinayala mphasa ziwiri n'kudikira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako ndinapempha mayi wa m'chisakasa choyandikana nafe kuti andimete.