Che Twalibu Asiya Nyama Lolemba

Pa Nsanama panalibe munthu wosawadziwa Che Twalibu. Benchi yawo inali pansi pa mtengo wa mthethe, m'mphepete mwa msewu wochokera ku Liwonde, ndipo dzuwa lisanakwere mbuzi zinkakhala zitalendewera kale pambedza. Ankazinga okha, mwa Chisilamu, kotero Asilamu ndi Akhristu omwe ankagula mosakayika. Anali munthu wathupi, wa khosi lalifupi, woseka mokweza. Akamenya chikwanje pachipika, phokoso lake linkamveka mpaka pa siteji ya maminibasi.

Chomwe chinawatchukitsa kwambiri chinali kadyedwe kawo. M'mawa ankamwera tiyi chiwindi chokazinga. Masana ankadya nthumbwana zoyandama m'mafuta. Madzulo ankapita kunyumba ndi nthiti zokulunga m'pepala. Akazi awo, Habiba, amene aliyense ankawatchula kuti Abiti Nasiru, akayerekeza kuika kambale ka mpiru pambali, kankabwerera kukhitchini kosakhudzidwa.

"Masamba ndi chakudya cha mbuzi," ankatero Che Twalibu. "Mbuzi idye masamba, ine ndidye mbuzi. Tinagawana ntchito."

Anthu ankaseka, koma ndi ochepa amene ankadziwa komwe mawuwo anachokera. Bambowa anakulira kumudzi wina kufupi ndi Nayuchi. Njala ya 2002 inawapeza asanakwatire, akukhala ndi mayi awo okha. Anadya mango osakhwima owiritsa, mizu yokumba m'dambo, ndi chigwada chopanda mchere chomwe chinkangowawa kukhosi. Mayi awo anatupa miyendo ndipo anamwalira chimanga chitatsala pang'ono kucha m'munda. Pobwera kumanda, mwana wawoyo analumbira kuti Mulungu akadzamupatsa kangachepe, tsamba silidzalowanso m'kamwa mwake.

Anayamba ndi njinga yobwereka, kugula mbuzi m'midzi ya kumalire n'kumazikankha mpaka pa Nsanama. Patapita zaka anapeza benchi yawoyawo, anamanga nyumba ya malata, anakwatira, ana anayamba sukulu. Lumbiro lija analisunga.

Mnzawo wa pamphika anali Chester, dalaivala wa minibasi yoyenda pakati pa Balaka ndi Nselema. Chester anali Mkatolika wa ku Balaka, wocheperapo zaka, koma pa nyama awiriwa anali mtima umodzi. Masana alionse ankaimika galimoto, okwera akudandaula m'katimo, iye n'kukhala pa benchi kumatola nthuli zotentha m'chiwaya, kuzisunsa mu mchere ndi tsabola.

Vuto linayambira kuphazi. Tsiku lina Che Twalibu anadzuka chala chachikulu chitatupa, chitafiira, chikutentha ngati wachiika pamakala. Ngakhale nsalu ikachikhudza ankakuwa.

"Ndaponda mankhwala," anauza akazi awo. "Ndi Hamadi ameneyu. Benchi yake siikuyenda, ndiye wandichitira chipongwe."

Hamadi anali mnzawo wogulitsa nyama kutsidya kwa msewu, ndipo kuyambira tsikulo anasiya kupatsana moni. Sing'anga wina anawatema mphini kuphaziko. Chala chinaphwa, kenako chinatupanso, ndipo ulendo uno bondo nalo linatsatira. Mutu unkawagunda chakunkhongo. Akayenda pang'ono ankapuma ngati akwera phiri. Masiku omwewo Chester anasiya kubwera, koma iwo anangoti mwina minibasi ili kugalaji.

Loweruka lina msika utadzaza, akudulira mayi wina mwendo wa mbuzi, chikwanje chinapulumuka m'manja mwawo. Anaona mtengo wa mthethe ukuzungulira. Magazi anatuluka m'mphuno n'kudontha pa epuloni, ndipo chithupi chonse chija chinagwa pansi, khu! Amayi anakuwa. Woyamba kuwoloka msewu anali Hamadi, amene anawanyamula ndi anthu ena n'kuwaika m'galimoto ya munthu wogula nandolo.

Kuchipatala cha ku Liwonde anawalandira dokotala wachizimayi, a Tamandani. Anawamanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, anayang'ana, anamasula, anamanganso. Kenako anatuma nesi kuti abweretse makina ena, poganiza kuti awowo awonongeka. Enawo nawo ananena zomwezo.

"Bambo, mwakhala mukuyenda ndi bipi imeneyi?" anafunsa a Tamandani. "Anthu ena ikafika apa sabwera akulankhula."

Anawagoneka m'wodi ya abambo. Mankhwala atayamba kugwira, Che Twalibu anatembenuka kuti aone anzawo ogona nawo. Pa bedi la pafupi ndi zenera panali munthu wowonda kumaso, pakamwa patapotokera mbali imodzi, mkono uli lende pa bulangeti. Mayi wina ankamumwetsa phala ndi supuni, lina likutsikira pachibwano. Che Twalibu anamuyang'ana kanthawi asanamuzindikire.

"Chester!"

Munthuyo anatembenuza maso okha. Anayesa kuyankha koma panangotuluka kubuula. Mayi uja anali Martina, mkazi wake.

"Anagwa akutsuka galimoto," anatero Martina. "Akuti ndi sitiroko. Mbali yonse iyi yafa. Mwamwayi sanali pa chiwongolero ndi anthu."

Che Twalibu anamuyang'ananso mnzawoyo. Munthu amene ankatafuna naye mafupa masabata apitawo, wocheperapo kwa iwo, lero akulephera kumeza phala. Abiti Nasiru, amene anali atafika ndi basiketi, anangonong'ona kuti, "Chaona mnzako chapita."

M'mawa mwake a Tamandani anakhala pambali pa bedi n'kuwafunsa zomwe amadya. Atamva, anaika cholembera pansi.

"Katatu pa tsiku? Masiku onse?"

"Kupatula masana a mwezi wa Ramadani," anayankha Che Twalibu.

"Mverani, bambo. Sindikunena kuti nyama yokha ndi imene yachita zonsezi. Pali mchere, pali mafuta, pali kulemera kwa thupi, mwina zina ndi zakumtundu. Koma chalacho palibe anakulodzani. Nyama yofiira yochuluka chonchi, makamaka zam'kati, imatupitsa mfundo. Mapiritsi ndikupatsani, muzimwa osadumphitsa. Nyamayo sindikuti musiyiretu, ndikudziwa simungandimvere. Yambani ndi tsiku limodzi pa sabata."

"Tsiku lathunthu?"

"Lathunthu."

"Iyayi, adokotala. Ndiye ndidye chiyani?"

"Zomwe akudya anthu ena onse m'Machinga muno. Nandolo, khobwe, nyemba, masamba otendera. Zimapatsa mphamvu, mafuta ake ndi ochepa, m'mimba mumayenda bwino, mtima umapumako."

Martina analowerera ali pa bedi la mwamuna wake. "Ife Akatolika timasiya nyama Lachisanu lililonse nyengo ya Lenti, ndipo palibe anafapo. Awa ndi amene ankazemba n'kubwera kudzadyera kwa inu." Anafuna kuseka, koma misozi inatsogola.

Atatuluka m'chipatala Che Twalibu anasankha Lolemba, chifukwa ndi tsiku limene malonda amakhala ozizira. Lolemba loyamba Abiti Nasiru anaphika nandolo wamuwisi ndi tomato, ndi chitambe chotendera nsinjiro. Che Twalibu anasamba m'manja n'kuyang'ana mbalezo. Fungo la masamba linawabwezera ku Nayuchi, pakhonde pomwe mayi awo ankagona ndi miyendo yotupa. Anadzuka, anatuluka panja, anaima kuseri kwa khola. Akazi awo sanawatsatire. Anangovundikira chakudyacho.

Atabwerera anatapa chitambe pang'ono, maso ali chotsinzina ngati akumwa mankhwala owawa. Anatafuna. Anatsegula maso.

"Mwathiramo chiyani umu?"

"Nsinjiro, mchere pang'ono, tomato. Basi."

"Masamba amakoma chonchi?"

"Zaka zonsezi ana anu akudya zomwezi inu mukatuluka," anatero Abiti Nasiru.

Che Twalibu ankadziwa masamba a njala okha, owawa, opanda kanthu. Sanaganizepo kuti masamba a nthawi ya mtendere ndi ena. Anamaliza mbale yonse, ndipo masana a tsikulo anadabwa kuti tulo tolemera tija timawagwira pa benchi sitinabwere.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino, koma Nsanama ndi pamalo pang'ono. Mayi woyandikana nawo nyumba anamva fungo la nandolo n'kukafotokoza pa mjigo. Anthu sanakhulupirire mpaka Lolemba lotsatira, pamene anaona ndi maso awo Che Twalibu akukana nthuli yomwe wokazinga tchipisi anawapatsa kuti alawe. Nkhani inagawika pawiri. Ena ankati bambowa anakhwimira malonda, ndipo chizimba chake n'chakuti asadye nyama Lolemba, n'chifukwa chake anagwa tsiku lija ataphwanya lamulo. Ena ankati wozinga mbuzi akayamba kukana nyama yake yomwe, ndiye kuti akudziwa chomwe chili m'nyamamo.

Makasitomala anayamba kudutsa chapatali. Mayi amene anagula kwa iwo zaka zambiri anawoloka msewu nkhope atayang'ana kumbali. Nyama inkafika madzulo ili pambedza, itada, ntchentche zili ng'waa. Ngakhale kumzikiti, Lachisanu, munthu wina anasuntha pamzere kuti asagundane nawo phewa.

Amene anawauza zoona anali Hamadi yemwe uja. Anabwera pa benchi n'kukhala osaitanidwa.

"Achimwene, anthu akuti mwakhwima. Ena akuti mukugulitsa mbuzi zofa zokha."

Che Twalibu anagwira pakamwa. "Ine? Chifukwa cha nandolo?"

"Malonda akubwera kwa ine, sindikukana. Koma bodza limeneli likakula litipha tonse. Mawa adzati nanenso."

Kunyumba Che Twalibu anafuna kungosiya zonse. "Ndidye nyama pamaso pawo Lolemba likubwerali, nkhani ithe," anatero.

Abiti Nasiru anakana. "Mukadye kuti musangalatse anthu a pa mjigo? Akadzakugonekani ngati a Chester, adzabwera kudzakutembenuzani ndi iwowo? Vuto n'lakuti mukudya mobisa ngati mwaba. Kadyereni pamsika."

Lolemba lotsatira, dzuwa lili paliwombo, Abiti Nasiru anafika pa benchi atasenza beseni. Anatsitsa poto wa khobwe, wa chigwada chotendera, ndi mbale ya makata, nandolo wowiritsa m'makoko mwake. Che Twalibu anavula nsapato, anaika phazi lawo pachipika chodulira nyama, n'kuitana ndi mawu awo aakulu aja.

"Bwerani muone chizimba changa!"

Anthu anasonkhana, ena ataima patali. Anawaonetsa chala chokhala ndi zipsera za mphini. Anatulutsa mapiritsi m'thumba. Anafotokoza za makina awiri a kuchipatala, ndi za Chester amene onse ankamudziwa, mmene akumwera phala ndi supuni. Atatchula Chester, phokoso lonse linatha. Ambiri ankaganiza kuti anangosintha msewu.

"Nyama yanga ilibe vuto," anatero. "Mawa ndidya, mudzaone. Vuto linali ine, wodya ngati fisi. Gulani, kadyeni ndi ana anu, koma thupi lipatseniko tsiku lopuma."

Kenako anakhala pansi n'kuyamba kusenda makata. Wakabaza wina anaseka mpaka kugwira njinga yake. "Wogulitsa nyama akutiuza kuti tichepetse nyama! Ife timaidya pa Idi pokha, bwana, tichepetse chiyani?"

"Iwe usachepetse kanthu," anayankha Che Twalibu. "Iwe bwera ugule. Ndikunena madalaivala awa ndi eni mashopu."

Anthu anaseka, ndipo Hamadi anali woyamba kutapa chigwada m'poto muja. Ena anatsatira. Beseni linabwerera kunyumba lopanda kanthu.

Makasitomala sanabwerere onse tsiku limodzi, ndipo alipo mpaka lero amene amakhulupirira za chizimba. Koma malonda anadzuka. Abiti Nasiru anayamba kuphika ndiwo za nyemba ndi masamba Lolemba lililonse pambali pa benchi, ndipo madalaivala angapo, ataona zomwe zinamugwera mnzawo, anazolowera kudyera pamenepo. Che Twalibu okha anawonjezera Lachinayi popanda wowauza, ndipo chiwindi cha m'mawa anachisiya. Lamba wa buluku anabowola bowo lina. Chala chimatupabe mwa apo ndi apo akadya mosasamala pa ukwati, koma kusikelo ya kuchipatala a Tamandani anasiya kupukusa mutu. Mapiritsi akumwabe.

Chester anatuluka m'chipatala koma chiwongolero sanachigwirenso. Amayenda ndi ndodo, akukoka mwendo, ndipo mawu ake amamveka kwa amene anawazolowera.

Chaka china Idi yozinga nyama inagwa Lolemba. Che Twalibu anazinga mbuzi za anthu kuyambira atatuluka ku swala, mapemphero a kumzikiti, mpaka masana, manja ali psuu. Nthawi yakudya itakwana, anthu onse anawayang'ana kuti aone chomwe achite. Iwo anapita kwa Shehe Abdulrazak, mtsogoleri wa mzikiti wawo, n'kufunsa.

"Nyama ya nsembe ndi madalitso," anatero a Shehe. "Lawani ngakhale kachidutswa. Zotsalazo gawani, ndiye cholinga chake."

Che Twalibu anatola kanthuli kamodzi, anatchula dzina la Mulungu, anadya. Kenako anakulunga mwendo wathunthu wa mbuzi yawo, anakwera minibasi ya ku Balaka, n'kukaupereka kwa Martina kuti aphikire ana. Iwo ndi Chester anakhala pakhonde, mbale ya mtedza wowiritsa ili pakati pawo. Chester ankalimbana ndi khoko ndi dzanja lake limodzi lamoyo. Che Twalibu anatambasula mkono kuti amuthandize, koma iye anawakankha ndi chigongono.

"Ndi... ndekha," anatero.

Anamusiya. Khoko linasweka, mtedza umodzi unagwera pansi, winawo anauponya m'kamwa.