Abesi ndi Nyimbo ya Chikho Chimodzi

Akulu a mpingo andipempha kuti ndilembe mbiri ya azakhali anga m'kalata yathu ya mwezi uno, ndipo andichenjeza kuti ndisatchule anthu maina, ndisakhumudwitse aliyense. Maina sinditchula. Za kukhumudwa, aliyense adzionera yekha.

Ambiri munkawadziwa ndi dzina loti Abesi. Anali alongo awo a bambo anga, oyamba kubadwa m'banjamo. Dzinali analipata ali mtsikana, chifukwa mawu awo ankachokera pansi pa mimba ngati a mwamuna, moti mphunzitsi wa kwaya anasowa powaika mpaka anawaimika kumbuyo, pakati pa azibambo oimba besi. Sukulu anailekera panjira mayi awo atamwalira, nayamba kulera abale awo. Analowa ntchito yochapa ndi kusita pa hotela yaikulu ya m'tauni, kumene munthu wakuda ankaloledwa kugwira nsalu yogonera mzungu koma osati kulowera khomo lakumaso. Kochapirako kunali chipinda chapansi chopanda zenera, nthunzi ili tolo, sopo akudya zala.

Achinyamata a lero sadziwa kuti tchalitchi chathu chomwechi chinali ndi zikho ziwiri za mgonero. Chasiliva chinali cha azungu, amene ankakhala kutsogolo pa mipando ya makhushoni. Chachitini chinali cha akuda, pa mabenchi. Ankati n'zaukhondo. Ukhondo wake uti, poti wotsuka zikho zonse ziwiri anali azakhali, m'beseni limodzi, ndi manja awo akuda omwewo? Ndipo akulu a mpingo a nthawi imeneyo, akuda anzathu, ankanyamula zikhozo nkhope zili ndii, ngati anachita kuziwerenga m'Baibulo.

Nyimbo ija inabadwira pa thebulo lositira, ikutsata kugunda kwa simbi:

Chikho n'chimodzi, Ambuye,
milomo ndiyo yambiri.
Munatikhetsera tonse,
ndani wagawa magazi?

Iwo sankalola kuti tiziti anaipeka. Ankati, "Ine ndinkangodandaula kwa Ambuye, ndiye dandaulolo linadzipezera kayimbidwe."

Lamulungu lina la mgonero, chikho chachitini chitafika ku mabenchi, azakhali anaiyamba chapansipansi. Amayi anzawo a kochapira anavomera, kenako tchalitchi chonse chakumbuyo. Abusa achizungu anafiira mpaka m'makutu. Mkulu wa mpingo wina anathamanga monyang'ama nawanong'oneza kuti, "Mayi, nyimbo imeneyo m'buku mulibe."

"Nanga zikho ziwiri zili m'buku liti, bambo?" anatero azakhali, napitiriza kuimba.

Anawaimitsa kudya mgonero pa mlandu wosokoneza mapemphero. Sanajombe ngakhale Lamulungu limodzi. Ankakhala pafupi ndi chitseko, ena akadya iwo ankangoweramitsa mutu, ndipo mapemphero akatha ankatsukabe zikho zija, poti oyera mtima onsewo panalibe wofuna kunyowetsa manja.

Nyimbo ilibe chipata. Inatuluka m'tchalitchi n'kulowa m'mafakitale, kwa anyamata a njanji, kumsika. Boma la azungu linailetsa, ngakhale kuiimba ndi mluzu. Tangoganizani, anthu a mfuti ndi agalu kuopa mluzu wa munthu wosesa mseu!

Tsiku la chionetsero chachikulu, pamene anthu anaguba kukakana lamulo loti wakuda asayende m'tauni opanda chiphaso, wotsogolera anali kalaliki wina wovala taye, wa pakamwa potsetsereka. Anakuwa pa chimkuzamawu kuti iye ndi wokonzeka kufa. Apolisi atamasula agalu, kalalikiyo anataya chimkuzamawu, analumpha mpanda, nakadzitsekera m'chimbudzi cha pamsika. Bambo anga anamuona ndi maso awo. Anthu anayamba kupondana, anyamata anatola miyala, ndipo apolisi ankangodikira mwala woyamba kuti awombere. Pamenepo azakhali anagwada pa phula, pakati pa mseu, nayamba nyimbo ija ndi mawu awo a pansi pa mimba. Othawa anaima. A miyala anaigwetsa n'kugwada. Mseu wonse unali pa maondo, ukufunsa kuti ndani wagawa magazi. Mfuti sizinalire tsiku limenelo, koma zibonga zinagwira ntchito. Azakhali anataya mano akutsogolo, ndipo khutu lawo lakumanzere linagontha mpaka imfa yawo.

Anawamanga tsiku lomwelo, ndipo anakhala kundende nthawi ndithu. Amayi amene anali nawo amati m'mawa uliwonse ankayambitsa nyimbo, zipinda zonse n'kuvomera, kotero kuti amene anamenyedwa dzulo ankadziwa kuti anzake akadali moyo. Atatuluka anapeza ntchito yatha. Mwamuna amene ankafuna kuwakwatira anatumiza mawu kuti kwawo sangalandire mkazi wonunkha ndende. Sanakwatiwenso. Anayamba kuchapira anthu zovala pakhomo, ndipo bambo anga atamwalira ananditenga n'kundilera ndi simbi yomweyo.

Ufulu utabwera, chikho chachitini chinangosowa mwakachetechete, popanda wopepesa. Kalaliki wa m'chimbudzi uja anasanduka Olemekezeka. Nyimbo anaitenga, anachotsamo Ambuye n'kuikamo dzina la chipani, ndipo wailesi inalengeza kuti anaipeka iye ali m'ndende, munthu amene ndende ankaionera pa windo la galimoto. Tsiku lina anafika kwathu, fumbi la galimoto yake likugwera pa zochapa za eni ake. Anabweretsa nsalu yokhala ndi nkhope yake.

"Mayi," anatero, "tikufuna mukatsogolere amayi pa msonkhano. Nyimbo yathu ija, palibe amaiyamba ngati inu."

Azakhali anamutembenuzira khutu lakumva. "Mwati nyimbo ya ndani?"

"Yathu, mayi. Ya mtundu wonse."

"Ija ndinkaimbira Ambuye. Mwawachotsamo, ndiye ndikaimbira ndani? Pitani bwino, bwana, samalani matope."

Nsalu anailandira ndi manja awiri, poti mwano analibe. Anaiyala pa thebulo lositira, ndipo kwa zaka zambiri nkhope ya Olemekezeka inkalawa simbi ya moto kuyambira m'mawa. Ndikaseka ankandidzudzula: "Ukuseka chiyani? Nsalu ilibe mlandu."

Ine anthu onsewa ndinkawada, ndipo sindinganame kuti ndinasiya. Iwo ankawapempherera mmodzimmodzi: wapolisi amene anawagulula mano, abusa aja, ngakhale Olemekezeka. Ndikawafunsa ankati, "Mwana wa mlongo wanga, msana wanga unatha kale ndi mabeseni. Ndisenzenso chidani?"

Tsono ndifike pa nkhani imene ena mukufuna ndiidumphe. Chaka chatha, mphekesera inabuka yoti alendo othawa nkhondo, aja a khungu ndi chilankhulo chosiyana ndi chathu, ndiwo akutilanda malonda. Anthu anawagwetsera mabenchi kumsika, anawathamangitsa ndi ana kumsana, ndipo iwo anathawira m'holo ya mpingo wathu. Gulu linawatsatira ndi zibonga. M'gululo munali ana a anthu amene anagwada pa phula paja. Munalinso a kwaya yathu, ndipo wotsogolera kwaya anali patsogolo, chibonga chili m'dzanja lomwe amatiimbitsira nalo za chikondi.

Azakhali anali atakalamba, akuyendera ndodo. Anadzikoka mpaka pakhomo la holo, anatsamira chitseko, nayamba nyimbo yawo, ndi mawu ake enieni. Mawu awo a pansi pa mimba aja anali atatha, mpweya ukuthawira m'mipata ya mano. Ena anaseka. Wina anakuwa kuti, "Chotsani gogoyo!" Iwo anamaliza ndime yonse, kenako analoza wotsogolera kwaya ndi ndodo.

"Iwe, ndinakunyamula pa ubatizo wako. Tenala yako ili kuti? Vomera."

Sanavomere. Palibe anavomera ngakhale mmodzi, ndipo asadzakunamizeni kuti mpingo unaimba nawo. Koma panalibenso wolimba mtima kukankha nkhalamba imene inkawadziwa onse ndi amayi awo omwe. Anaimba kachiwiri, kachitatu, okha. Zibonga zinayamba kubisidwa kumbuyo, anthu n'kumachoka mmodzimmodzi ngati akumbukira ntchito kunyumba. Alendo aja anapulumuka.

Kuyambira pamenepo thupi linayamba kukana. Mwezi wathawu, m'mawa wina kutacha bwino, anandipempha kuti nditsegule zenera ndi kuwawerengera salimo. Ndili pakati anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Usathamange, Ambuye sali pa changu." Ndinawerenga pang'onopang'ono. Pomwe ndimamaliza anali atagona, nkhope ili phee, ngati munthu amene wapinda chovala chomaliza.

Pa maliro, kwaya yathu inachedwa chifukwa inkakangana za yunifolomu yoti ivale, itamva kuti kubwera atolankhani. Olemekezeka sanabwere. Anatumiza nkhata yamaluwa yotalika kuposa bokosi, dzina lawo lili m'malembo akuluakulu, la malemu litalakwitsidwa. Amene anafika m'mamawa, natunga madzi, nakhala pansi pafupi ndi bokosi, anali amayi achilendo aja. Anaimba m'chilankhulo chawo. Sitinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndi nyimbo yokhayo imene inandiliza tsiku limenelo.

Pano ndamva kuti komiti ikufuna kupachika chithunzi cha azakhali m'holo, ndipo yakhala kale kawiri kukambirana mtundu wa felemu. Musavutike, abale. Amene akufuna kuwakumbukira Abesi apite kumsika, akapeze mayi wachilendo wogulitsa sopo uja amene munamugwetsera benchi, akamupepese masana, anthu akuona. Ambuye awalandire azakhali mu mtendere wawo. Ife atichitire chifundo, poti manyazi tilibe.