Mita ya Magetsi ndi Alendo a ku Mandimba

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku Mangochi, kufupi ndi kwa Mponda, m'zaka zija nkhondo ya ku Mozambique inafika povuta. Inali nyumba ya boma, ya malata ofiira ndi dzimbiri, ndipo tinkakhalamo chifukwa ababa anali kalaliki pa boma. Achimwene anga anali ku sekondale yogonera konko, choncho pakhomo tinalipo atatu: ababa, amayi ndi ine. Nyumbayo inali ya magetsi, ndipo anzanga a ku madarasa ankandipatsa ulemu wapadera chifukwa cha zimenezo. Ena ankandiperekeza mpaka pakhomo pongofuna kumwa madzi ozizira.

Magetsiwo tinkawagwiritsa ntchito ngati madzi a mu Shire, osaganiza kuti ali ndi mwini. Tinali ndi fuliji yakale imene ababa anagula kwa munthu wina wosamuka ku Malindi, ndipo inkang'ung'udza usana wonse pafupi ndi zenera. Tinali ndi hotipuleti ya mafuwa awiri, simbi ya magetsi, ndi fani yomwe inkatembenuza mutu uku ndi uku ngati munthu wokana mlandu. Kudenga la kubafa kunali giza, thanki yotenthetsera madzi, imene tinaipeza m'nyumbamo ili yoyatsa ndipo palibe anaganizapo zoizimitsa.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, lole ya matumba a chimanga yochokera ku Chiponde inaima pamsewu. Munatsika mayi wowonda, mwana kumsana, kamtolo pamutu, atagwira dzanja mtsikana wa msinkhu wanga. Amayi anali akusinja mtedza, ndipo musi unagwa m'manja mwawo. Anali mng'ono wawo, amayi aang'ono, amene anakwatiwa kutsidya la malire cha ku Mandimba. Amuna awo anatengedwa ndi anthu a mfuti ali kumunda, ndipo sizinkadziwika ngati ali moyo. Mapazi a amayi aang'onowo anali otupa, ong'ambika ngati nthaka ya mwezi wa Okutobala. Mtsikanayo anali mwana wawo, dzina lake Zainabu.

Ine ndi Zainabu tinagwirizana tsiku lomwelo. Ankalankhula Chiyao chosakaniza ndi timawu ta Chipwitikizi, ine ndikumuphunzitsa Chichewa cha kusukulu. Chinthu choyamba chimene chinamuseketsa chinali swichi. Ankaima pakhoma n'kumayatsa, kuzimitsa, kuyatsanso, maso ali kudenga. Koma mdima ankauopa kwambiri. Kukangoda ankanjenjemera thupi lonse, choncho amayi analamula kuti babu ya pakolido isamazimitsidwe mpaka kucha.

Pakhomo panadzaza moyo, komanso ntchito inachuluka. Nyemba zinkabwata pa hotipuleti kuyambira m'mawa mpaka masana. Matewera a mwana ankachapidwa ndi madzi otentha a mu giza, kenako n'kusitidwa kuopa mphutsi. Abale ena othawa nkhondo akafika m'tauni ankayamba apumira kwathu, amwe tiyi, asambe, kenako apitirire. Ine ndi Zainabu tinkatsegula fuliji pafupipafupi, n'kulowetsamo mitu kuti tiziziritse nkhope.

Ndiye inabwera bilu ya magetsi. Ababa anafika nayo pa nthawi ya chakudya cha masana, ndipo anaiwala kuvula timakako tawo tomangira buluku pa njinga. Ine ndinali kuseri kwa khitchini kusankha miyala mu mpunga, ndipo mawu awo ankandipeza bwinobwino. Sanakalipe. Ababa sanali munthu wokalipa, ndipo n'chifukwa chake mawu awo anandilowa kwambiri. Anati bilu ya mwezi umenewo ailipira ndi ndalama ya fizi ya achimwene, koma ikabweranso ina yotero a magetsi adzadula, ndipo fiziyo idzasowa kochokera.

"Mayi a Asiyatu," anatero, kutchula dzina langa, "kukampu ya othawa nkhondo amalandira ufa ndi nyemba. Mwina tiganizire zimenezo."

"Mwana wa mayi anga akagone mu tenti, ine ndili pansi pa malata?" anayankha amayi.

Kenako ababa anati, "Tiyeni tiuone mwezi uno."

Mpunga uja ndinaumaliza kusankha misozi ikugweramo. Kampu ndinali ndisanaione, koma ndinkamva kuti kuli fumbi, mizere yaitali ya pamjigo, ndi matenda otsegula m'mimba amene ankatenga ana. Amayi aang'ono sanauzidwe kanthu, koma munthu amene wathawa nkhondo amawerenga nkhope msanga. Mawa lake ndinapeza kamtolo kawo kaja kali komangidwanso, kataikidwa kuseri kwa chitseko.

Loweruka m'mawa ababa anatiitana tonse pakhonde, pamene panali mita. Anavala magalasi awo, n'kukwera pa mpando. M'kati mwa galasi la mitayo munali kagudumu kopyapyala kokhala ndi kadontho kakuda, ndipo anatifotokozera kuti kagudumuko kakamathamanga, ndalama nazo zikuthamanga. Ine ndi Zainabu anatipatsa ntchito yoti tizimitse chilichonse m'nyumba, kenako tiziyatsa chimodzichimodzi iwo akamaitana. Tinathamanga chipinda ndi chipinda mpaka nyumba yonse inangoti zii. Aka kanali koyamba kumva nyumba yathu ili chete, ndipo tinamva ngakhale asodzi akuitanizana kumtsinje.

Tinayamba ndi babu ya pakolido. Zainabu ndi amene anayatsa, ndipo ndinaona dzanja lake likuzengereza, poti ankaganiza kuti mlandu wonse ndi wake. Kagudumu kaja kanangokwawa ngati nkhono. Fani inakafulumizitsako pang'ono. Hotipuleti itayatsidwa kanayamba kuyenda ngati munthu wochedwa ku swala ya ku mzikiti. Koma pamene ndinakwera pa ndowa n'kukanikiza swichi yofiira ya giza, ndinamva ababa akufuula dzina la Mulungu pakhonde. Titathamangira kumeneko tinapeza kagudumu kakuzungulira ngati njinga yopanda mabuleki yotsika phiri la ku Namwera.

Ababa anatsika pa mpando, n'kukhala pansi, n'kuyamba kuseka mpaka kupukuta magalasi. Anati zaka zonsezi akhala akulipira kuti atenthetse madzi ku Mangochi, dziko limene madzi a pampope amatuluka otentha kale. Giza inazimitsidwa tsiku lomwelo, ndipo pa swichi yake anamatapo pulasitala.

Fuliji nayo inapezeka ndi mlandu. Mphira wa pachitseko unali utauma n'kung'ambika, moti kuzizira kunkatuluka ndipo injini siinkapuma. Ababa anadula chubu chakale cha njinga, n'kuchimata m'mbali mwa chitseko ndi guluu wa zigamba. Kenako tinaikankha tonse kuichotsa pazenera, pomwe dzuwa la masana linkaiwotcha, n'kuiika pakona yamthunzi. Inaoneka yonyansa, ndipo kwa masiku angapo madzi ankanunkha mphira, koma kwa nthawi yoyamba tinaimva ikusiya kung'ung'udza n'kupuma. Madzi akumwa amayi anawasamutsira mu mtsuko wadothi wokulungidwa ndi chiguduli chonyowa, ndipo mitu yathu inaletsedwa kulowanso mu fuliji.

Nkhani ya nyemba anaithetsa ndi amayi aang'ono. Anaziviika m'madzi madzulo, m'mawa n'kuzibwatitsa kanthawi kochepa, kenako anaphula mphika uli wovundikira n'kuukulunga m'zitenje zakale. Anauika mu dengu lodzaza mankhusu a mpunga, n'kufunditsa bulangete pamwamba. Amayi anayang'ana dengulo mokayika, ngati mmene amayang'anira wogulitsa usipa amene akulumbira kuti ndi wa lero. Masana titavundukula, nthunzi inatiwomba kumaso, ndipo nyemba zinali zitapsa mpaka kufewa. Amayi aang'ono ananena motsitsa mawu kuti anaphunzira zimenezi kutchire, kumene utsi ukakhalitsa umaitana anthu a mfuti. Tinadya nyembazo, ndipo zinali zokoma.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inasanduka ya malamulo. Madzi osamba ndi ochapira matewera tinkawaika padzuwa m'mabeseni, ndipo pofika masana ankachita kufuna kuthiramo ozizira. Kusita kunali kwa tsiku limodzi pa mlungu, ndi simbi ya makala yobwereka kwa aneba. Khala lina linathethekera pa shati yoyera ya ababa n'kuboola kumsana, moti anapita kuntchito atavala jekete m'kutentha kwa Novembala, anzawo n'kumawafunsa ngati akudwala malungo. Pazenera la kumadzulo tinapachika mkeka kuti dzuwa lisalowe, ndipo fani inkayatsidwa pokhapokha mwana akalephera kugona. Ine ndi Zainabu anatiika kukhala apolisi a maswichi. Tinkagwira ntchitoyo mwankhanza, moti tsiku lina tinawazimitsira ababa eniake ali m'bafa, sopo ali kumaso.

Babu ya pakolido yokha ndi imene sinakhudzidwe. Amayi aang'ono anapempha okha kuti izizimitsidwa, koma ababa anakana. "Iyi siidya kanthu," anatero. "Mwana azigona."

Mwezi umenewo unali wautali. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkakwera pa mpando kukayang'ana kagudumu kaja, ngakhale manambala ake sindinkawamvetsa. Kamtolo kanali kadakali kuseri kwa chitseko, ndipo amayi aang'ono ankatulutsamo chovala chimodzi, n'kumanganso.

Tsiku lina, mwezi uli pafupi kutha, galimoto ya a magetsi inalowa mu mzere wathu, makwerero ali pamwamba. Tonse tinkadziwa tanthauzo la makwerero amenewo: kudula magetsi. Inadutsa nyumba yoyamba, yachiwiri, n'kudzaima pageti pathu penipeni. Zainabu anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zake zinandisiyira zipsera. Amayi anatuluka akupukuta manja pa chitenje, nkhope itagwa. Munatsika bambo wamtali wovala ovololo, thukuta lili chuchuchu, n'kupereka moni mwaulemu. Kenako anapempha ngati tingawagawireko madzi akumwa, chifukwa anali kukonza thiransifoma kumapeto kwa msewu ndipo kukhosi kunali kutauma. Amayi anawapatsa madzi a mu mtsuko, anawonjezera mango, ndipo galimoto itachoka anakhala pansi pa sitepe n'kuseka mpaka misozi.

Bilu yeniyeni inabwera patapita masiku ochepa. Tinamva belu la njinga ya ababa likulira kuchokera kukona, chinthu chimene sankachita, poti ankati belu ndi la ana. Pa handulo panalendewera chambo chachikulu chomangidwa ndi mlaza. Sanatiuze nambala, ndipo ife sitinafunse. Anangopereka chambocho kwa amayi aang'ono n'kunena kuti, "Alamu, ichi mutiphikire inu, mwa kwanu kuja. Ndipo kamtolo kali kuseri kwa chitseko kakutitchinga njira. M'kabati muli malo."

Amayi aang'ono anagwada. Anaphimba nkhope ndi mpango wawo, mapewa akugwedezeka. Ine ndi Zainabu tinathamangira panja n'kuzungulira nyumba tikukuwa popanda chifukwa chimene tikanatha kufotokoza, mpaka aneba anasuzumira pampanda. Ndinamva ngati mwala umene ndinausenza mwezi wonse wagwa, ndipo tsiku limenelo ndinadya mpaka kupempha zowonjezera.

Anakhala nafe mpaka nkhondo itatha. Zainabu analowa sukulu, tinkakhala desiki imodzi, ndipo masamu anandipitirira msanga. Mtendere utabwera anabwerera ku Mandimba. Amuna a amayi aang'ono sanapezeke, koma munda unalipo, ndipo anayambiranso.

Lero zinthu zinasintha. Palibenso munthu wodikira bilu kumapeto a mwezi mtima uli m'mwamba. Timagula mayunitsi pafoni, ndipo akatsala pang'ono mita imadziliza yokha ngati mwanapiye wanjala. Mababu a masiku ano amawala kwambiri koma amadya pang'ono, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja madenga ambiri ali ndi sola. Ana anga amati ndine wovuta chifukwa ndimayenda m'mbuyo mwawo kuzimitsa zimene asiya. Ndikawauza kuti nthawi ina swichi inkasankha amene agone m'nyumba ndi amene apite ku tenti, amangondiyang'ana mwaulemu n'kubwerera ku mafoni awo. Sindiwaimba mlandu. N'zabwino kuti sakudziwa.

Zainabu tsopano ndi mayi wa bizinesi, amagulitsa nsalu ndi mchere pa malire, ndipo nyumba yake anaiika sola yamphamvu. Timalankhulana pafupipafupi. Mlungu wathawu anandiimbira magetsi atazima kwathu kuyambira m'mawa, ine ndikudandaula kuti nyama ikuwonongeka ndipo foni yatsala pang'ono kuzima. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anaseka kuseka kwake kuja kwa paubwana.

"Asiyatu," anatero, "longedza msanga uthawire kuno. Ino ndi nthawi yanga yokusunga."